Tsiku Limene Kompyuta Yanga Inafufuta Ana a Apongozi

Anzanga, pali manyazi ena oti ukawakumbukira, ngakhale uli wekha m'bafa, umangopezeka wafuula kuti mayo ine! Anga ndi awa, ndipo musekeretu chifukwa ine ndinasiya kale kudziteteza.

Zaka zimenezo ndinali nditangolembedwa ntchito ku bungwe lina la alimi pa boma la Mchinji, ndipo mu ofesi monse wodziwa kompyuta ndinali ine ndekha. Ankanditcha a Injiniya, ine osakana. Fulashi yosungira mafayilo a kompyuta ndinkayenda nayo m'khosi ngakhale popita kutchalitchi. Ntchito yanga yoyamba inali kupanga pulogalamu yolembera alimi: dzina, mudzi, minda ndi ana a pabanjapo, kenako aliyense alandire kadi yake yosindikizidwa.

Tsono kumaphunziro ku Lilongwe anatiphunzitsa njira yachidule. Sulemba pulogalamu yonse pamanja, ayi. Umalemba kafayilo kamodzi ka XML kotchedwa sikima, kofotokoza mmene mlimi alili, kuti ali ndi dzina, ali ndi mudzi, ali ndi chakuti ndi chakuti. Ukatero umadina batani, makina n'kukulembera okha mizere yonse ya pulogalamu. Mphunzitsi wathu anati sikimayo ndi chikombole, pulogalamu ndi njerwa. Njerwa ikatuluka yokhota, konza chikombole, usamaseme njerwa. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva, chonsecho mtima unali kale pa nkhuku ya masana.

Chimene ndinaiwala n'chakuti mu sikima, ukapanda kunena kuti chinthu chikhoza kukhala chambiri, makina amaganiza kuti n'chimodzi basi. Ndiye pulogalamu yanga inatuluka ili ndi malo a munda umodzi ndi mwana mmodzi. Ku Mchinji! Kumene munthu ali ndi munda wa chimanga, wa fodya, wa mtedza, dimba, mwinanso kamunda kena kwa amalume ake kutsidya ku Zambia. Nanga za ana tinenenso?

Vutolo ndinaliona msanga ndithu. Kukonza kwake kunali kuwonjezera mawu amodzi mu sikima, koma mawuwo ndinawaiwala, ndipo kuimbira mnzanga Dalitso ku Lilongwe kuti andikumbutse ndinaona ngati kudzichotsa ulemu. Injiniya amafunsa? Ndinatsegula mafayilo olembedwa ndi makina aja n'kuyamba kuwasintha pamanja. Pamwamba pa fayilo iliyonse panali chenjezo la zilembo zikuluzikulu, loti zimenezi zalembedwa ndi makina, musasinthe, mukadinanso batani zanu zonse zidzafufutika. Ndinawerenga bwinobwino. Ndinati makina angandiuze zochita ine? Masabata awiri athunthu ndinakhala ndikusema njerwa, mpaka pulogalamu inayamba kulandira minda ndi ana ochuluka mmene ungafunire.

Apa ndikuuzeni za Esinati. Anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ine ndinali nditagweratu. Bambo ake, a Jere a kwa Mlonyeni, anali wapampando wa kalabu ya alimi, munthu wosalankhula kwambiri. Ndinamva kuti atandipatsa moni tsiku lina anakafunsa kunyumba kuti, “Mnyamata wa manja ofewa uja ntchito yake kwenikweni ndi yotani?” Ankhoswe anga anali oti apite kwawo Loweruka kukafunsira ukwati. Chionetsero cha pulogalamu chinali Lachitatu la sabata yomweyo. Ndinati Mulungu wandikonzera bwalo, a Jere aona okha.

Tsikulo atsogoleri a makalabu anabwera panjinga kuchokera kwa Zulu, kwa Mlonyeni, mpaka ku Kachebere, holo n'kudzaza. Ine tayi pakhosi. Ndinaonetsa pulogalamu pakhoma ndi pulojekita, ndinalemba mlimi wongoyerekeza wa minda isanu ndi ana khumi, zonse zinayenda myaa. Anthu anaomba m'manja. Munthu wanzeru akanakhala pansi pomwepo n'kumwa Fanta yake.

Koma a Jere anakweza dzanja. “Zonsezi mwalemba ndi manja anu?”

Kodi ndikanangoti inde, chikanandivuta n'chiyani? Chinalitu chilungamo! Koma pakamwa panga panatuluka zina. “Ayi bambo, kulemba pamanja n'kwachikale. Masiku ano makina amalemba okha, ife timangolamula. Taonani.” Ndinadina batani lija.

Mizere inayamba kutsika pakhoma ngati mvula. Anthu anati eee! Mayi wina wa kwa Zulu analuluta. Ine ndinawerama pang'ono kulandira ulemu, osadziwa kuti anthu akuombera m'manja maliro a masabata anga awiri.

Bwana wathu, Mayi Mbewe, anaimirira mosangalala. “Mlimi woyamba kulembedwa akhale a Jere, poti ndiwo afunsa.”

Ndinalemba dzina, ndinalemba mudzi. Nditafika pa minda, kabokosi kamodzi. Kabatani kanga kowonjezera munda wina, kulibe. Apo ndiye chenjezo lija linabwera m'mutu mwanga ndi zilembo zake zikuluzikulu.

“Wa chimanga,” anatero a Jere. Ndinalemba. “Wa fodya. Wa mtedza. Ndi dimba.”

Ndinasuntha pang'onopang'ono n'kuima kutsogolo kwa pulojekita, zilembo zonse n'kumaoneka pa shati yanga, uku dzanja limodzi ndikugogoda mabatani mwachabe kuti anthu azimva phokoso. Wina kumbuyo anakuwa kuti a Injiniya tasunthani tione! Ndinachita ngati sindinamve.

“Ana ndi angati, bambo?” Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wa kwaya.

“Asanu ndi atatu. Woyamba Yohane.” Yohane analowa m'kabokosi. Ena onse, Marita, Esinati, mpaka chitsiriza, anathera m'phokoso la zala zanga. Maganizo anga anali oti ndinene kuti inki yatha, kadi adzalandira mawa. Koma Mayi Mbewe, pofuna kundithandiza, anatambasula dzanja n'kudina okha posindikiza. Makina osindikizirawo, amene masiku onse ankatafuna mapepala, tsiku limenelo anagwira ntchito mokhulupirika.

A Jere anavala magalasi awo mosafulumira. Anawerenga, anatembenuza kadi kuona ngati kumbuyo kuli zina, anawerenganso.

“A Injiniya,” anatero mofatsa, “za minda yanga itatu imene yasowa tikambirana. Koma pano akuti ndili ndi mwana mmodzi, Yohane, wandevu uja, wa ana atatu. Ndiye ankhoswe anu Loweruka akubwera kudzafunsira ameneyu?”

Abale, anthu anaseka mpaka ena kutuluka panja. Mayi woluluta uja analulutanso. Mayi Mbewe anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaima pomwepo, dzina la Yohane likuwala pamimba panga, ndikulakalaka magetsi atazima, koma nawonso tsiku limenelo anakana.

Ndinalibe pothawira, ndinaulula zonse, za chikombole ndi njerwa zomwe. A Jere anamvetsa msanga kuposa mmene ndinamvera ine ku Lilongwe, poti nyumba yawo anaumba okha. “Ndiye inu masabata awiri mumasema njerwa imodziimodzi, chikombole chili pomwepo?” Ndinati inde bambo. Anapukusa mutu, koma ndinaona kuti akudziletsa kuseka.

Anthu atabalalika ndinamuimbira Dalitso. Atamaliza kuseka anandiuza mawu aja, ndinawaika mu sikima, ndinadina batani. Mphindi zisanu sizinakwane. Lachisanu ndinapalasa njinga mpaka kwa Mlonyeni ndi kadi yatsopano, minda inayi, ana asanu ndi atatu, Esinati ali pamalo pake. A Jere anailandira ndi manja awiri. Nditapempha yakale ija kuti ndikaing'ambe, anati ayi, imeneyo ndi ya ofesi, sitingaitaye.

Loweruka anaitulutsa pamaso pa ankhoswe anga, ndipo amalume anga anabwerako akupukuta misozi ya kuseka, koma ndi yankho labwino. Ukwati unachitika. Kadi ija mpaka lero ili m'Baibulo la apongozi, ndipo mlendo aliyense amaionetsedwa asanamwe n'komwe madzi.

Ine ndinalumbira kuti fayilo yolembedwa kuti osasintha sindidzaikhudzanso, ndipo batani lililonse pamaso pa apongozi sindidina, ngakhale la wailesi. Koma chilango sichinathe. Panopa ndikangomulakwira Esinati, kenako n'kufunsa mwaulemu ngati tiyi wapsa, amayankha osatembenuka n'komwe: “Kafunseni achimwene a Yohane. Si ndiwo munakwatira?”