Nyimbo Yopepesera Nakayuni

Lolemba

Tsiku lachisanu ndi chinayi Nakayuni osandiyankhula. Zaka makumi anayi tili limodzi, ndipo kale akakwiya kwambiri ankafika masiku atatu basi.

Mlandu wanga ndiulembe pano, adzukulu adzaweruze okha. Chubu chakale cha njinga, chakuda, ndinachipinda bwinobwino n'kuchiika m'dengu lake la khofi, pamwamba tsamba la nthochi. Njoka yopanda mano. Iye akuvundukula kumakina osendera khofi, pamaso pa amayi onse a mpingo amene amawatsogolera, anaponya dengu kumwamba, nathawa, nagwa chagada. Khofi wa tsiku lonse anagubuduka mpaka kumtsinje. Kuno ku Misuku chinthu chikagwa sichiima. Anthu anaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, ndipo mnzanga Silungwe akuti cholakwa chenicheni ndi chimenecho.

Tsopano mauthenga akudzera kwa mphaka wathu Matipate, amene tinamutcha choncho chifukwa amadya nyumba iliyonse. "Matipate, uwauze ambuye ako kuti mbalagha ya nthochi ndi nyama yapsa." Lero m'mawa uthenga wakula: "Matipate, uwauze kuti Lamulungu ndikwera lole, ndikakhala kwa Tupokiwe ku Karonga. Aziseka ndi nkhuku." Chikwama chamangidwa kale, chili pafupi ndi chitseko. Tupokiwe ndi mwana wathu, koma wakhala mbali ya mayi ake kuyambira ali m'mimba. Akafikako Nakayuni sabwerera.

Masana ndatsikira kumsika kukabisala kuvidiyo kwa Kibona. Ndimafuna karate. Kibona akuti tepi ya karate makina aitafuna, yatsala imodzi yomwe wabwera nayo kuchokera ku Tanzania. "Karibu mzee, koma iyi ndi yoimba."

Ndakhala pabenchi ndikung'ung'udza. Ndatuluka ndili munthu wina.

Nkhani yake: telala wamulakwira mkazi wake. Chiyankhulo sindikumvapo liwu, koma nkhope ya mkaziyo ndikuidziwa, ndaisiya kunyumba. Telala akufuna kupepesa, pakamwa pakukana. Ndiye akuponda makina ake osokera, taka taka taka. Wometa akuyankha ndi sizasi. Wogulitsa nyemba akumenya mbale za sikelo. Msika wonse wadzuka, onse phazi limodzi, telala akuimba pakati. Mkazi watulukira pakhonde. Nyimbo isanathe waseka.

Mphindi zinayi zokha! Ine masiku asanu ndi anayi.

Lachiwiri

Ndapitanso, lero ngati mwana wasukulu, pensulo kukhutu. Zomwe makanema oimbawa apambanira ena onse:

- Safuna womasulira. Kuno ziyankhulo n'zambiri kuposa mabasi, koma ine, wapolisi wa ku Mulanje ndi mayi wa zitenje wa kutsidya kwa malire tonse tapukuta maso pamalo amodzi.
- Palibe womenyedwa. M'karate munthu akakwiya amathyola tebulo. Umu amakwerapo n'kuvina.
- Bwana ndi wonyamula matumba akuponda sitepe imodzi. Demokalase ija ankatilonjeza m'misonkhano ndaiona lero.
- Kibona akuti m'makanema akale ankangoima n'kumaimba ngati kwaya. Amakonowa kamera imauluka ngati kabawi, yakwera padenga, yatsika, yalowa pakati pa ovina. Malaya akusintha mtundu nyimbo ili m'kati, wochapa osaoneka.
- Nyimbo imakutsata. Ndakwera nayo phiri lonse osamva bondo.
- Chachikulu: mawu amene mwamuna sangathe kuwanena akhoza kuwaimba. "Pepa" ndi kaliwu kakafupi, koma kamakakamira pakhosi ngati nthochi yaiwisi.

Ndaganiza. Loweruka m'mawa, pabwalo langa. Zofunika: ovina khumi, ng'oma ya Silungwe, oimba, maluwa m'njira, suti yanga ija ndinagula ndikugwira ntchito kuesiteti ya fodya ku Kasungu, ndi ine pakati.

Silungwe akuti, "Bwanji osangomuuza kuti pepa?"

Munthu wosaonera kanema amavuta.

Lachitatu

Ndayamba ndi kuyesa ngati zimangochitika zokha. Ndaima pakati pa ogulitsa tomato, ndaomba m'manja katatu, ndayamba nyimbo ya telala, manja m'mwamba. Ndadikira msika kuti udzuke.

Msika sunadzuke. Mayi wina wandipatsa nthochi. Wapolisi wa ku Mulanje wandigwira paphewa: "Madala, kunyumba zili bwino?"

Kibona wandiitanira pambali. Akuti anthu a m'kanema aja amaphunzira masitepe miyezi yambiri, ngakhale wa nyemba uja si wa nyemba weniweni. Zandiwawa ngati tsiku lija ndinamva kuti anthu oyankhula m'wailesi sakhala m'katimo. Koma ndaganizanso: ngati anthu mazana amatuluka thukuta miyezi kuti mkazi m'modzi aseke mphindi zinayi, ndiye kuti ntchitoyi ndi yolemekezeka.

Ovina ndawapeza pabawo, khumi ndendende, onse avomera maso ali pa nkhomo.

Oimba ndapita kwa Mayi Phiri, namwino wa pachipatala chathu, wochokera ku Ntcheu, amene amatsogolera kwaya. "Monire adada," akutero, Chitumbuka chake chikuyenda ndi ndodo. Wamva nkhani yonse osaseka. Akuti kuyanjanitsa banja ndi ntchito ya Mulungu, kwaya ibwera, chinsinsi asunga. Koma malamulo:

- ng'oma ayi
- kugwedeza chiuno ayi
- chuni cha m'vidiyo ayi, mawu anga awaika pa chuni cha kutchalitchi

Mawu anga ndi awa: "Nakayuni, njoka ija inali chubu, koma chisoni changa n'chenicheni." Mayi Phiri akuti "chubu" sichikulowa m'chuni, achichotsa. Ndiye nyimbo yatsala ndi njoka yeniyeni.

Lachinayi

Ovina khumi, abwera asanu ndi m'modzi. Wamng'ono pa onse ali ndi adzukulu anayi.

Vuto loyamba: malo. M'kanema msewu ndi wosalala ngati thabwa la telala. Kuno ukaima, mwendo umodzi umakhala wautali kuposa unzake. Tasankha kuseri kwa munda wa Silungwe, pomwe mbuzi zimatha kugona osagubuduka.

Vuto lachiwiri: ndikawaonetsa sitepe ya telala, amayamba bwino, pofika kachitatu onse abwerera ku mapenenga, gule wa unyamata wawo, zifuwa panja, mipango m'manja. Ndikuti kumanzere, atatu apita kumanja, m'modzi wakhala pansi.

Vuto lachitatu ndi ine. Pali pomwe telala amazungulira ndi mwendo umodzi, n'kugwada, manja otambasula. Ndati taonani. Ndazungulira bwino ndithu, Silungwe ndi mboni. Kenaka msana wati phwa. Ndadutsa mizere isanu ya khofi, chondiimitsa ndi tsinde la nthochi.

Andinyamula pachitseko, andifunditsa bulangete chifukwa cha chisanu. Njira yodzera kwathu imadutsa pamsika. Apa ndiyenera kuvomera: nditaona amayi a tomato akuyang'ana, ndapinda manja pachifuwa, ndatseka maso, ndati ndi mawu ofooka, "Tsalani bwino, ana anga." Sindinathe kudziletsa. Mayi wa nthochi uja wagwira pakamwa.

Kunyumba Nakayuni wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Matipate, uwafunse ngati ndi zenizeni kapena ndi chubu chinanso." Koma madzi ofunda othowera waika pafupi ndi mphasa. Akuti ndi a mphaka.

Lachisanu

Ovina: ziro. Akazi awo awaletsa. Wina watumiza mawu akuti ali ndi msana umodzi wokha.

Ng'oma: yoletsedwa.

Maluwa: Silungwe wadula nthambi za maluwa achikasu aja a m'mbali mwa msewu, aziyala madzulo kuyambira pamphambano mpaka pakhomo panga. Nakayuni amadzera njira ya kumtsinje, saziona mpaka nthawi yake.

Ine: kuima ndikutha, koma pang'ono. Ndiye dongosolo latsopano. Nakayuni akapita kumunda kutsidya kwa chigwa, ndivala suti, ndigona pamphasa kusunga mphamvu, chitseko chotseka. Kwaya iyamba panja. Iye akamva kutsidya abwera kudzaona. Silungwe agogoda katatu, ine ndidzuka, nditulukira ndikuimba. Telala naye anatulukira.

Odzazonda abwera ambiri lero. Akuti kumsika nkhani ndi yoti msana wathyoka patatu ndipo ndasiya kale mawu otsanzika.

Masana mphepo yabweretsa mawu a kwaya ikuphunzira kutchalitchi. Chuni chake n'chozizira, choyenda pang'onopang'ono ngati anthu asenza chinthu cholemera. Ndikuchimva ngati ndinachimvapo kwinakwake. Mayi Phiri akuti ndi chokhacho chomwe dzina la Nakayuni likukwanira.

"Matipate, mawa ndikukathyola khofi wotsala kutsidya. Ndisawasiyire choseweretsa." Chikwama chawonjezeka, mwalowa mpaka mpeni wake wosendera nthochi.

Loweruka



M'mawa zonse zikuyenda. Suti yalowa, kupatula batani limodzi. Ndagona pamphasa, bulangete mpaka pachibwano. Kwaya yafika, yaima pabwalo, yayamba.

Zomwe sindikudziwa ndili m'katimo:

- Mbuzi za Silungwe zadya maluwa onse mbandakucha. M'njira mwatsala nthambi zamasamba zokhazokha, kuyambira pamphambano mpaka pakhomo panga. Mwana aliyense kuno amadziwa tanthauzo la masamba pamsewu.
- Kutsidya kwa chigwa mawu a nyimbo samveka. Chimamveka ndi chuni. Ndipo chuni chija ndakumbukira komwe ndinachimva: kumanda, kulikonse.
- Kuno anthu sasonkhana pakhomo pa munthu kuimba m'mawa chifukwa cha chikondi.

Ndikumva mapazi ambiri. Ndikuti eya, msika wadzuka tsopano. Ndikumva nkhuni zikutulidwa. Ndikumva amayi ayamba kulira cha kumphambano. Mayi Phiri akuyesa kufotokoza, koma Chitumbuka chamuthera, ndipo kwaya poona anthu akulira yangokweza mawu. Silungwe, m'malo mogogoda, wathamangira kukachotsa nthambi.

Chitseko chatseguka ndi mphamvu. Nakayuni, dengu palibe, mpango palibe, wathamanga phiri lonse. Wandipeza chagada, m'suti, manja pachifuwa. Maso ndatseka chifukwa cha kuwala, Mulungu ndi mboni.

Wagwa pachifuwa panga. "Bambo a Tupokiwe, mwandisiya ndisanakuyankhuleni. Chikwama chija chinali chongokuopsezani. Ndani azindiseketsa? Ndani azindiyimbira zopanda pake ndikamasenda nthochi? Chubu chija ndinakakhala ndekha kumtsinje ndinaseka, sindinafune mudziwe."

Apa munthu wanzeru akanatsegula maso pa liwu loyamba. Ndikudziwa. Koma zaka makumi anayi sindinamvepo zotere, ndipo ndimafuna ndimve ngati pali zina. Ndadikira pang'ono. Zinalipo. Sindizilemba.

Kenaka ndakumbukira telala. Ndadzuka tsonga, ndatambasula manja, ndayamba: "Nakayuniii..."

Amayi asanu ndi atatu atulukira pachitseko chimodzi nthawi imodzi. Mayi wa nthochi wadzera pawindo. Matipate sanaonekebe.

Nakayuni yekha sanathawe. Wapukuta maso ndi chitenje, pang'onopang'ono. Wandiyang'ana. Ndatsegula pakamwa kuti ndipitirize, nyimbo yauma. Chatuluka ndi kaliwu kaja, kopanda chuni, kopanda kwaya: "Pepa, Nakayuni. Za chubu, ndi za lerozi."

Watuluka. Panja ndikumva akuuza anthu kuti maliro aimitsidwa kaye, koma asapite nazo kutali nkhunizo.

Lamulungu

Kutchalitchi andikhazika kutsogolo kuti aliyense aone kuti ndili moyo. Akulu a mpingo akufuna kundiona Lachitatu. Mayi Phiri akufuna kundiona asanatero. Kibona akuti kuyambira dzulo benchi ikudzaza, aliyense akufuna kuona kanema yemwe anapha munthu n'kumudzutsa. Ine Nakayuni wandiletsa kupondako.

Pabwalo pali mitolo ya nkhuni, mabeseni a ufa, mikoko iwiri ya nthochi ndi nkhuku imodzi. Zonse zibwezedwe kwa eni ake, khomo ndi khomo, ndipo makomo onse ali pamwamba pa phiri.

Lole yaliza hutala pamphambano. Nakayuni waima pachitseko, wayang'ana chikwama, wayang'ana ufa wa anthu. Lole yaliranso, yanyamuka, fumbi.

"Lero sindipita," watero. Kwa ine, osati kwa mphaka. "Ndikakusiyirani ufa uwu mukausokoneza, anthu adzati ndinakwatiwa ndi wakuba. Lole ibweranso Lamulungu likubwerali."

Chikwama sanamasule. Wangotulutsamo mpeni wosendera nthochi.

Ndayesa mwayi. Ndati, "Zija unanena dzulo pachifuwa panga..."

"Zija zinali za wakufa. Inu muli moyo, sizikukukhudzani. Senzani nkhuni."

Ndasenza. Makanema oimba ndi abwino, sindisintha maganizo, koma amafuna dziko lafulati ndi mbuzi zokhuta. Ndili pakati pa phiri ndi mtolo wa a Silungwe, msana ukulira, ndamva pansi wina akusenda nthochi akung'ung'uza chuni. Si cha kumanda. Ndi cha telala chija ndakhala ndikuchiliza m'nyumba sabata yonse.

Ndacheuka. Chasiya.

Ndapitiriza kukwera osacheukanso, kuti chiyambirenso.