Batire la laputopu pa mbaula

Pali nkhani zina zoti ukazikumbukira, ngakhale uli wekha m'bafa, umagwira kumaso. Yangayi ndi imodzi mwa zimenezo. Anzanga amakonda kuifotokoza m'maukwati, aliyense akuthirako mchere wake, ndiye ndati bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndiwamalize mwini wake.

Zinali zaka zija titangolowa matipate, mabungwe akumera paliponse. Ine ndinapeza ntchito ku bungwe lina loona za madzi. Ofesi inali ku boma ku Dedza, koma ananditumiza kukakhala ku Mayani, kuti ndiziyendera mijigo ndi zitsime mpaka ku Kaphuka n'kumazijambula pa mapu. Ndinali pa probation, ndiye kuti ntchitoyo ndinali nditaigwira ndi zala ziwiri zokha. Kunyumba mkazi wanga anali atangochira kumene mwana wathu woyamba, Tadala.

Tsiku lina bwana wathu, a Mtambalika, anandiitana n'kundipatsa laputopu. Osati timalaputopu tamasiku ano topyapyalati ayi. Chinali chimphona chopangidwira anthu ojambula mapu, cholemera moti phewa langa lamanzere mpaka lero ndi lotsika.

"A Chikuse," anatero bwana, "makina awa ndi odula kuposa njinga yamoto mukukwerayo. Ali pa warranty. Akawonongeka okha, akusitolo akonza ulere. Koma mukawawononga inu, warranty yatha, ndipo probation yanunso yathera pomwepo. Tamvana?"

"Tamvana, bwana!"

Koma matama ake! Ndinkapita nayo paliponse. Pamsika wa Mayani ndinkaitsegula pa benchi ya telala ngakhale ndilibe cholemba, n'kumakwinya nkhope ngati ndikuwerenga zinthu zoopsa za dziko. Anthu ankaunjikana kumbuyo kwanga. Wina akafuna kuigwira ndinkati, "Musayandikire, imeneyi ndi sensitive!"

Vuto linali limodzi: batire. Nyumba yomwe ndinkachita lendi inalibe magetsi, ndiye ndinkatchaja ndikapita ku ofesi ku boma. Itafika June, chisanu cha ku Dedza chija chitayamba kuluma, batire linayamba ulesi. Ukangojambula mijigo ingapo, sikirini yake phii, mdima.

Tsono aliyense wokulira kumudzi amadziwa mankhwala a batire lofooka. Mabatire a wailesi akatha, timawayanika padenga kapena pamwala, dzuwa liwawombe, kenako wailesi n'kuyambanso kuyankhula. Kukakhala kopanda dzuwa, umawayandikiza kumoto. Ndinakula ndikuziona zimenezi, ndipo zinkatheka. Ndinadzifunsa ndekha kuti, batire si batire basi?

Loweruka lina m'mawa kunacha ndi nkhungu yoti sungaone ngakhale chimbudzi chako. Mapu ankafunika ku ofesi, batire latha. Ndinalisolola m'laputopu muja, chinthu chachikulu ngati theka la njerwa, n'kuliika pafupi ndi mbaula pakhonde. Ndinadikira pang'ono, kuligwira, lozizira. Ndinalisendeza. Lozizirabe. Mtima wanga ndi wachangu, ndiye ndinangolinyamula n'kulikhazika pamwamba penipeni, m'mphepete mwa mbaula.

Kumapeto kwa khonde kunali apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amene anabwera kudzathandiza za mwana. Ankasankha nyemba atayang'ana kukhoma. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso. Mumalankhulana aliyense atapenya kwake, mawu ochepa, kapena kudzera mwa munthu wina.

Nthawi yomweyo mphunzitsi wina woyandikana naye nyumba anandikuwira pampanda.

"A Chikuse! Matipate anu aja ndi amenewa? Shuga wakweranso!"

Ine pa mtsutso sindigonja. Ndinathamangira kumpanda kuja, ndipo tinayamba: ufulu, feteleza, shuga, ufulunso. Ndinali pakati pomuphunzitsa mphunzitsiyo tanthauzo la demokalase pamene ndinamva mawu a apongozi, akuuza khoma mofatsa:

"Mayi a Tadala, tawauzani bambo a mwanayu kuti chinthu chawo chija chikufuka utsi."

Mayo ine! Ndinapeza batire litatupa ngati chitumbuwa, mbali imodzi itasungunuka n'kumadontha. Fungo lake, nkhuku zinathawa pabwalo.

"Kawauzeni zoona abwana anu," anatero mkazi wanga.

"Zoona? Mwanayu azidya zoona?"

Lolemba ndinakwera minibasi wa ku Lilongwe, kusitolo kumene bungwe linagula makinawo. Pulani yanga inali yaing'ono komanso yaulemu: kunama pang'ono, kulandira batire lina, kubwerera mwakachetechete. A manijala a sitoloyo, bambo wamfupi wa tayi yofiira, analitembenuza batire lija uku ndi uku.

"Chinachitika n'chiyani?"

"Linangotero lokha."

"Lokha?"

"Lokha, bwana. Linali patebulo."

Ndinkayembekeza mkangano. Ndinali nditakonzeka kale kukwiya. Koma a manijala anangotong'ola maso.

"Serious? Patebulo? Osalumikiza kumagetsi?"

"Kwathu kulibe n'komwe magetsi."

"Anyamata, tabwerani mudzaone! Factory fault iyi! Bambo, inu mwapulumuka. Chinthu ichi chikanakuotcherani nyumba!"

Anandikhazika pampando wawofuwofu. Kunabwera tiyi wamkaka ndi mabisiketi. Apa ndi pamene munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Koma ine tiyi wamkaka amandimasula lilime.

"Linayamba ndi kulira," ndinatero. "Kenako phuu! Moto mpaka kudenga."

"Ayi!"

"Ndinaligwira ndi thaulo, dzanja linalo nditanyamula mwana, n'kuliponya panja."

"Mwana analipo?"

"Wakhanda, bwana."

Mtsikana wa pakauntala anagwira pachifuwa. A manijala anayamba kulamula. Wina atumize fakisi ku South Africa kumene makinawo ankachokera. Wina aimbire foni onse amene anagula mtundu umenewu, achotse mabatire msanga. Ine ndinabwezera bisiketi m'mbale. Ndinafuna kunena kuti mwina motowo sunafike kudenga kwenikweni, koma anali atandipatsa kale batire latsopano, lalikulu kuposa lija.

"Iyi ndi upgrade," anatero a manijala. "Takuwonjezeraninso memory, ulere, kupepesa. Koma chonde, mpaka tifufuze bwinobwino, mukamaliza ntchito muzilichotsa batireli, muziliika palokha."

Ndinatuluka m'sitolomo ndi katundu wabwino kuposa amene ndinalowa naye.

Ku ofesi ku Dedza ndinapeza nkhani itandiyambira kale. A manijala anali ataimba foni. Bwana Mtambalika anali atalanda mabatire a malaputopu onse a bungwe n'kuwatsekera m'chipinda chosungiramo zipangizo, pamodzi ndi ndowa ya mchenga. Anzanga a m'madera ena ntchito inali itaima. Mayi wina wa ku accounts anali atasamutsa desiki yake kuti italikirane ndi chitseko cha chipindacho.

Pa msonkhano wa m'mawa bwana anandiimiritsa.

"Mnyamata uyu anaika moyo wake pachiswe. Anapulumutsa mwana, anapulumutsanso katundu wa bungwe. Anthu oterewa ndi amene timawafuna. Za probation yake tiziona msanga."

M'manja munaombedwa. Ndipo ndikuuzeni chochititsa manyazi kwambiri: inenso ndinaomba nawo. Ndinaomba ndithu, mutu nditaweramitsa, iwo n'kumati ndi kudzichepetsa.

Masiku otsatirawo chakudya sichinkalowa. Aliyense wokumana nane ankafuna kumva za motowo, ndipo nthawi iliyonse ndikafotokoza, unkakula. Ngakhale mphunzitsi uja, amene anali pampanda tsiku limenelo, anayamba kuuza anthu kuti anamva kuphulika.

Loweruka lina ndili pamsika kugula tomato, galimoto ya bungwe inaima pambali panga. Kutsogolo bwana Mtambalika. Pambali pawo tayi yofiira ija, kamera ili pakhosi.

"A hero athu!" anakuwa a manijala. "Kwerani! A ku South Africa akufuna zithunzi za tebulo lija ndi denga lomwe."

Tomato anandigwa m'manja. Tebulo langa linalibe ngakhale kachipsera ka ndudu. Denga linali loyera ngati la tchalitchi.

Ndinakwera. M'galimotomo munkazizira koma ine thukuta kamukamu.

"Bwana, msewu wa kwathu ndi woipa zedi."

"Galimoto iyi ndi ya misewu yoipa."

"Komanso tebulo lija... tinaliwaza nkhuni."

"Tijambula denga."

"Dengalo tinapaka laimu."

"Mwachangu chotere? Ndinu akhama, a Chikuse. Tijambula laimuyo."

Ndinapemphera kuti tayala liphulike. Silinaphulike. Ndinapemphera kuti tipeze pakhomo palibe munthu, chifukwa mkazi wanga anali atapita ndi mwana kukaona mnzake wodwala. Titakhota pampanda, ndinaona utsi wa mbaula pakhonde, ndi apongozi atakhala pamphasa.

Tinatsika. Ndipo ndinachiona.

Pambali pa mbaula panali njerwa ziwiri. Pa njerwapo apongozi anali atandandalika timabatire ta wailesi yawo, mwadongosolo ngati ana a sukulu pa assembly. Pakati pa timabatireto, ngati headmaster, panali batire langa latsopano. Upgrade ija. M'mawa umenewo ndinali nditalichotsa n'kulisiya patebulo, monga anandilangizira a manijala eni ake.

Munthu wina aliyense ndikanamutsinzinira diso. Ndikanamugwedezera mutu, ndikanamuponda chala. Koma apongozi? Udzawatsinzinira bwanji munthu amene sumuyang'ana kumaso? Ndinatsokomola. Iwo, pomva kuti mkamwini wafika, anatembenukira kukhoma mwaulemu. Ndinatsokomolanso mwamphamvu. Anasendera kukhoma kwambiri.

Analonjera alendo bwinobwino, mmodzimmodzi, kufunsa za kunyumba ndi za ulendo. Ine ndinkayenda chammbali ngati nkhanu kuti nditchinge njerwa zija ndi miyendo. Koma a manijala anali ataziona kale.

"Pepani mayi, icho n'chiyani?"

Apongozi anayankha akuyang'ana pansi, koma ndi mawu omveka mpaka kumpanda.

"Limeneli ndi batire la apongozi angawa, bambo. Ndalipeza patebulo likuzizidwa, ndiye ndati liothe nawo limodzi ndi angawa. Koma asade nkhawa, ine ndaliika patali bwino. Lija linapsa lija, iwo analikhazika pamwamba penipeni pa mbaula, n'kupita kokakangana za ndale."

Ndinamva makala akuthetheka. Ndinalakalaka pansi patang'ambika kuti ndilowe ndi nsapato zomwe.

A manijala anandiyang'ana, anayang'ana mbaula, anandiyang'ananso.

"Ndatumiza fakisi ku South Africa," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndaimbira makasitomala onse. Wina ndi dokotala."

Bwana Mtambalika sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"A Chikuse, tengani laputopu ija muike m'galimoto. Mapu muzijambula ndi pensulo. Ntchito sindikuchotsani, chifukwa cha mwanayo, koma probation mukuyambiranso pachiyambi. Ndipo Lolemba mudzaimirira pamalo omwe aja, mudzawafotokozere anzanu onse amene anakuomberani m'manja."

"Chabwino, bwana."

Sindinathe ngakhale kudzutsa mutu. Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka nacho chimphona changa, kuchinyamula komaliza. Pamene ndinkadutsa pakhonde, a manijala anali atatulutsa kansalu ka m'thumba, akunyamula batire lija panjerwa mosamala ngati dzira.

Apongozi anasuzumira pang'ono, n'kupukusa mutu modandaula.

"Mwalichotsa msanga, bambo. Mbali inayo silinafunde."

Phunziro ndinalitola pamenepo: ukafuna kunamiza a warranty, yamba waperekeza apongozi kwawo.