APusi ndi botolo lawo la nimu

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake n'chotere. Kwathu kwa Kamtedza kunali bambo wina dzina lake Esitoni, koma dzinalo ankaitanidwa nalo kutchalitchi kokha. Tonse tinkati aPusi, chifukwa chiyambire ubwana wawo sankadutsa pansi pa mtengo wa zipatso osayang'ana m'mwamba.

Atakula, kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Namwino anawalangiza bwinobwino: mapiritsi osadumphitsa, kudya moyenera ndiponso pa nthawi yake, masamba ambiri, zotsekemera ayi. APusi ankangogwedeza mutu ngati gulo. Pobwerera anaima pabawo, kumene kumakhala madokotala aja osaphunzira udokotala koma odziwa mankhwala a nthenda iliyonse.

"Shuga woopsa ndi uja woyera wa m'golosale," anatero wina. "Uchi ndi wa njuchi, wa Mulungu. Idyani."

"Komanso chowawa chimapha chotsekemera," anawonjezera mnzake. "Mukadya chokoma, thirani madzi a masamba a nimu pamwamba pake. Zikamenyana m'mimbamo, nimu ndiye amapambana."

Nzeru imeneyi inawakomera aPusi kuposa ya namwino, paja inali yosawaletsa kanthu. Mapiritsi anawatsomeka kudenga, n'kuyamba kuyenda ndi botolo la madzi a nimu m'thumba la jekete.

Akazi awo, Nangondo, analankhula mpaka malovu kuuma.

"Abambo, kodi m'mimba mwanumo muli bwalo la milandu loti nimu akaweruze?"

"Inu Nangondo, zasayansi zisiyeni. Sizikukuyenerani."

Tsono linafika tsiku la chinkhoswe cha Yotamu, mwana wa mlongo wawo. APusi ndiwo anali atsibweni aakulu, choncho unkhoswe unali wawo. Ankaunyadira koopsa, moti mng'ono wawo Layisoni atapempha kuti athandizeko, anamuyankha kuti, "Iwe ukanyamule tambala basi." Ntchito ya nkhoswe pa tsikulo mukuidziwa. Akuchikazi amatulutsa akazi ofunditsidwa chitenje mmodzimmodzi, ndipo akamuvundukula, nkhoswe yakuchimuna imanena ngati ndi mbeta yawo kapena ayi. Mbetayo, Felesiya, aPusi ankamudziwa bwino. Ankawatungira madzi osamba m'manja nthawi zonse akapita kukakambirana za ukwatiwo.

Anafika mwambo usanayambe, akuchikazi n'kuwalandira monga alendo olemekezeka. Kunabwera thobwa.

"Ili ndi la mawere, la makolo, lilibe mlandu. Eee, lakoma!" Chikho chonse gudyugudyu. Kenako anatulutsa botolo, kumwako pang'ono, nkhope tsinyaa.

Kunabwera nthochi zakupsa, phava lathunthu.

"Chipatso ndi mankhwala. Ichi chakoma!" Phava linatha. Nimu pamwamba.

Kunabwera zitumbuwa, iwo n'kuzinyika mu uchi. Nimu pamwamba. Ana ankadya mzimbe kuseri kwa nkhokwe, nawonso anawalanda mfundo zingapo.

"Uwu ndi udzu chabe. Shuga wake sanabadwe."

Nangondo anawakoka jekete.

"Abambo, kuchimbudzi mwapita kangati kale? Milomo yauma gwa ngati chikopa."

"Ndi nimu ameneyo, akuthamangitsa adani. Khalani chete."

Pamene amayi ankayamba nthungululu, maso a aPusi anali atachita nkhungu. Anthu onse pabwalo ankaoneka ngati zitsa. Koma munthu wonyada anganene kuti sakuona? Anakhala pampando wa kutsogolo, chifuwa tutumu.

Mwa nthabwala zawo, akuchikazi anayamba ndi kutulutsa azakhali ake a mbeta, gogo Nasuluma, amene m'kamwa mwawo munatsala mano awiri okha, osayang'anizana n'komwe. Atawavundukula, aPusi anatsinzinira diso limodzi, n'kuwomba m'manja.

"Eya, ndi ameneyu! Taonani kuwala kwake. Yotamu, unasankha mwana iwe!"

Bwalo lonse linaphulika. Gogo Nasuluma anavina mozungulira.

"Zikomo atsibweni! Umasiye unandikwana. Yotamu, tabwera kuno mwamuna wanga, undigulire mano!"

Pofuna kuwaphimba manyazi, amayi anatulutsa msanga Felesiya weniweniyo. Koma chitsiru chikalakwa chimawonjezera.

"Uyu ayi," anatero aPusi. "Musatinamize. Ife tasankha kale."

Felesiya anagwira kumaso n'kuyamba kulira. Yotamu anangoti, "Atsibweni, mwandipha!" Kuseka kuja kunazima. Nkhoswe yakuchikazi inaimirira pang'onopang'ono, n'kukutumula fumbi pathalauza.

"Tifunseko. Nkhoswe yosadziwa mwana wathu masana ano, ikadzamva kuti akulira kubanja, idzapita kukatonthoza yani? Kapena gogo Nasuluma? Kwa munthu ameneyu mwana sitipereka."

APusi anadzuka kuti ayankhe, koma lilime linali litamatirira. Anati kaye ndimwe nimu, mawu atseguke. Anaika botolo pakamwa, kupendeketsa mutu chakumbuyo. Mutuwo sunabwerenso. Unangopitirira, thupi lonse n'kuutsata. Phii! Miyendo m'mwamba, nsapato ina uko, botolo kugubuduka mpaka pamapazi a gogo Nasuluma.

Layisoni yemwe uja wonyamula tambala ndiye anagwada pamaso pa akuchikazi, kupepesa, kutchula Felesiya ndi mfunda wake womwe. Anamulandira. Ukwati unapulumuka, koma unkhoswe unachoka m'manja mwa aPusi tsiku lomwelo, osabwereranso. Madokotala a pabawo aja, ngakhale mmodzi wobwera kudzagwira mwendo pokweza wodwalayo pangolo, kunalibe.

Kuchipatala anawapeza shuga atakwera zoopsa. Namwino uja, atawaika madzi m'mitsempha, anatembenukira kwa Nangondo.

"Mayi, mapiritsi amamwa?"

"Amene akumwa mapiritsiwo ndi makoswe kudenga."

"Nanga lero anadya chiyani?"

Nangondo anayang'ana amuna awo ali gone, nimu akununkha pajekete. Anapukusa mutu, n'kumanganso chitenje chawo.

"Anamwino, ndiyambire pati? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."