Madzi Akafika, Magetsi Atsanzika

Kwa Bwana Wamkulu woyang'anira bokosi lapathanki,

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada. Ndine Elsie Kamzimbi wa ku Senga Bay, mayi wamba wogulitsa ayisi kwa ochita geni ya nsomba. Ntchito yanga imafuna zinthu ziwiri basi, madzi ndi magetsi, koma zibwere pamodzi. Ndalemba kuti ndithokoze chifukwa cha bokosi lanzeru lija munatiikira, loti lizigawa magetsi pakati pa pampu ndi nyumba zathu.

Choyamba, zikomo pothetsa chisokonezo. Kale madzi ndi magetsi zinkasowa mwachisawawa, tsiku lina n'kukumana mwangozi, ine n'kuumitsa ayisi. Ngozi zoterezi munazithetsa. Masiku ano pampu ikayamba kukoka madzi, bokosi limazimitsa filiji yanga. Filiji ikalira, mpopi umangotulutsa mpweya. Ndimatungiratu m'ndowa, inde, koma madziwo akangoyamba kuuma pamwamba, bokosi limakumbukira kuti thanki yaphwa, n'kuzimitsanso filiji.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mauthenga apafoni otichenjeza kuti magetsi azima. Foni imakhala itathima kale, ndiye timawerenga mawa lake. Komabe sananamepo. Timapeza kuti dzulo anazimadi.

Chachitatu ndi nkhani ya a Binali, kasitomala wanga wakalekale. Lachisanu lapitali anagula chambo chodzadza dengu, choti akagulitse ku Lilongwe. Atafika kwa ine ndinawapatsa zomwe zinalipo, timajumbo ta madzi ozizira pang'ono. Anatenga poti ndi munthu wachikhulupiriro. Minibasi isanamalize zitunda, anthu anali atatsegula mawindo onse, ndipo kondakitala anawatsitsa mwaulemu, iwo ndi dengu lawo. Pano a Binali akuwamba nsomba kuseri kwa nyumba, maso psuu ndi utsi, ndipo nkhuni zikuchokera m'phiri lomwe alangizi anu anatiuza kuti tisamadulemo mitengo. Mwawaphunzitsa luso latsopano ataphuka kale imvi. Akuti ndikupatseni moni, ngakhale mawu amene anagwiritsa ntchito si amenewa.

Ine sindikudandaula, bwana. Ndingadandaule bwanji pomwe filiji yanga yasanduka kabati yabwino yosungiramo mbale? Kungoti ana anga samadya mbale.

Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku lomwe munabwera kudzadula riboni, madzi ndi magetsi zinakhalira limodzi kuyambira m'mawa mpaka galimoto yanu itakhota pamsewu wopita ku Salima. Ndinaumitsa ayisi wolimba ngati mwala, ndipo ndi yemwe anaziziritsa zakumwa zanu. Zikuoneka kuti bokosili limagwira bwino ntchito likakuonani. Chonde muzibwera kudzalitsegulira sabata iliyonse, makamaka Lachinayi, pokonzekera msika. Riboni ndisoka ndekha. Lumo a Binali ali nalo.

Ine wanu wosungunuka ndi ulemu,

Elsie Kamzimbi