Bulazala Servaas ndi Mikanjo Yopanda Eni

Bulazala Servaas anamwalira ali ndi zaka 87. Ndiwo anali ofulula mowa omaliza m'nyumba ya amonke ya ku Wolverdonk. Mudzi wonse unkawadziwa ndi chinthu chimodzi: mwamuna aliyense wodutsa pachipata, ankamunyengerera kuti akhale mmonke.

Sikunali kupenga. Lamulo la chipani chawo linkati mowa ungatchedwe wa amonke pokhapokha mmonke akuuyang'anira, kuyambira pa chimera mpaka m'botolo. Pamene ine ndinkayamba ntchito yogubuduza migolo, abulazala ankadzaza tchalitchi. Pomaliza ankakwana pa benchi imodzi, malo n'kutsala.

Tsiku lina kunabwera munthu wa boma woona zaukhondo. Iye akusuzumira mu chimphika chamkuwa, a Servaas anali kumbuyo kumuyeza mapewa ndi chingwe.

"Mukutani, Bulazala?"

"Mkanjo wa malemu Bulazala Egied ukukukwanani ndendende. Ungofunika kupinda m'munsi."

Ine sankandisiya, ngakhale ukwati wanga anauona ndi maso awo.

"Staf, a Lieve adzuka bwanji?"

"Ali bwino, Bulazala."

"Sakutsokomolako ngakhale pang'ono?"

Nditakamuuza mkazi wanga, anati, "Kawauze agogo akowo kuti pamaliro pawo ndidzavala chipewa chatsopano." Loweruka lake anawaphikira keke wa mpunga. Ankakondana, awiriwo.

Mmodzi yekha ndiye anakodwa: mphunzitsi wina wa ku Antwerp, wokonda kwambiri mowa wathu wakuda uja, wokoma ngati zoumba zamphesa. A Servaas anayenda mlungu wonse akuimba. Koma pa chakudya, mlendoyo anapatsidwa mowa wa abulazala eni ake, woyera, wopepuka ngati madzi a m'chitsime.

"Nanga wakuda uja timamwa liti?"

"Pa Pasaka, mwana wanga."

"Tsiku lililonse la nyengo ya Pasaka?"

"Pa Pasaka."

Unali mwezi wa Meyi. Munthuyo anakwera basi ya Lachitatu. A Servaas anaupinda mkanjo n'kuubweza m'kabati.

Lieve atamwalira, a Servaas anabwera kumanda akutsimphina, miyendo itatupa. Analira kuposa alamu anga. Patapita miyezi ingapo, nyumba itandikulira, ndinapita ndekha kwa iwo. Ndinawapeza akuununkhiza mgolo.

"Bulazala, ndabwera. Ndiyezeni mapewa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uli ndi zaka zingati, Staf?"

Ndinawauza.

"Ndinkafuna wodzandiika m'manda, osati wopikisana naye. Khala pansi."

Anatsegula wakuda, ngakhale Pasaka anali kutali. Anathira mosamala, nsenga n'kuzisiya pansi pa botolo, ndipo tinamwa. Chichokereni tsiku limenelo sindinawamvenso akunyengerera munthu kuti akhale mmonke. Ndiye tinadziwa kuti akudwaladi.

Anatisiya mu Febuluwale. Tinanyamula bokosi ndife antchito, chifukwa abulazala awiri otsalawo sakanatha. Iwowo anawasamutsira ku nyumba ina kum'mwera.

Masiku ano mwamuna amadutsa pachipata popanda womuyang'ana mapewa. Fungo la chimera lomwe linkadzaza msewu m'mawa linatha. Yisiti ya a Servaas inatengedwa ndi kampani ina ya m'tauni, ndipo mowa wake ndi wabwino ndithu, sindinganame. Pabotolo anafufutapo mawu oti "wa amonke". Woliza belu tsopano ndi makina.