Khadi ya OC ndi Mbuzi ya Mayi a Amina

Amene akuti khadi ya OC ndi kutaya ndalama aimirire ndimuone nkhope, chifukwa ine ndinaigula, ndinaiyatsa ndi chala ichi, ndipo mpaka lero tsitsi la kumanzereku silimera. Gwirani apa. Mwamva kusalalako?

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu ka magemu pa Naisi, anyamata akusewera mpira pa kompyuta. Kutsidya kwa msewu alamu anga Che Yusufu, achimwene awo a akazi anga, anatsegulanso kawo. Makompyuta athu onse anali otsimphina, wosewera akamenya mpira unkaima m'malere kudikira kaye. Odziwa anati vuto ndi galafiki khadi, kachitsulo kamene kamajambula zithunzi mkati mwa kompyuta. Tinakwera minibasi imodzi kupita ku Zomba, osalankhulana.

Wogulitsa anali wolankhulira m'mphuno, chonchi: "Bwana, iyi ndi khadi wamba. Iyinso ndi yomweyo, koma ku fakitale anaikwapula kale kuti izithamanga. Mwaona zilembozi, O ndi C? Mtengo wake ndi wokwererako."

Alamu anakanda ndevu. "Ine ndipatseni yosakwapulidwayo. Ndikaikwapula ndekha."

Ine mtima unali utalowa kale m'bokosi la OC, koma m'thumba munali moperewera. Ndinabwerera kumudzi, ndinamasula mbuzi ya akazi anga, mayi a Amina, yaikazi, yonenepa, ndipo pofika masana mbuzi ija inali itasanduka zilembo ziwiri.

Mayi a Amina sanakuwe ayi. Anangoima pakhola manja m'chiuno. "Bambo a Amina, pamudzi pano munabwera ndi chikwama chimodzi. Loweruka ndibwera kudzaona. Chinthu chanucho chikapanda kuposa cha achimwene, chikwama chija ndachichapa kale."

Ine ndi mkamwini, anzanga. Mawu amenewo safuna womasulira.

Loweruka tinatulutsa makompyuta onse pakhonde la shopu yanga, kuwaika moyandikana, anthu atadzaza mpaka mumsewu. Mayi a Amina anabwera atasenza thumba la mpunga wopuntha kale koma wosapeta, analitula kuseri kwa tebulo, kukamwa kwa thumbalo kuli yasa, n'kukhala pampando ngati woweruza.

Ndinadina batani. Mukumva? Mafani opemerera mphepo yoziziritsa khadi ija anangoti fyuu, kofia ya alamu inazuka pamutu n'kuuluka mpaka kukatera padenga la tchalitchi ku Mishoni, nkhuku za m'mudzi zinayamba kuyenda chafutambuyo, minibasi imene inaima pasiteji injini itazima inakankhidwa ndi mphepoyo n'kukafika ku Liwonde kondakitala asanamalize kutolera, ndipo pa sikirini chigoli chinalowa osewera akumangabe zingwe za nsapato, goloboyi akumwa tiyi kwawo, woyimbira mpira akufunsa anthu njira ya ku bwalo. Zithunzi zinkatuluka ine ndisanaganize n'komwe zodina. Ndikulumbira, ndinaona chigoli cha mawa lake.

Nanga kutentha kwake? Nthochi zaziwisi za mayi wogulitsa pambali pathu zinapsa pompo, dzira limene linali m'thumba la mkulu wina linaswa mwanapiye, mtsinje wa Domasi unafunda mpaka amayi ochapa anasiya zochapa n'kuyamba kusamba, matemba akutuluka m'madzi owamba kale, kungotsala mchere. Ine ndinawerama kuti ndisuzumire m'kompyuta, ndiye tsitsi lija linapita. Wokayika agwirenso.

Ndinatembenuka chifuwa patsogolo. Mayi a Amina anali akuyang'ana sikirini yanga, kenako ya alamu, kenako yanganso, maso atatsinzina pang'ono.

"Ndiye yathu ndi iti?"

Ndinayang'ana nane. Anzanga, osewera a alamu ankathamanga chimodzimodzi. Kusiyana kunalipo ndithu, koma kochepa ngati tsitsi limene landitsalirali.

Alamu anapukuta dazi. "Ndangokoka kamzere kena m'pulogalamu, alamu. Kwaulere. Mbuzi zanga zonse zili m'khola, zikukupatsani moni."

Ndinayamba kukumbukira njira ya kwathu, ndi mayi anga akundifunsa kuti ndalakwa chiyani.

Mayi a Amina anadzuka, anazungulira kuseri kuti asenze thumba lawo, ndipo anaima chilili. Mphepo ya mafani ija inali itautulutsa mpunga wonse, kuupeta m'malere, mankhusu kukagwera ku Chilwa, timiyala kudziunjika patokha, mpunga kubwerera m'thumba woyera kuti mbee, ndipo thumbalo linali litadzimanga pakamwa. Anatapa pang'ono, anauyang'ana m'dzanja, anandiyang'ana ine.

"Chikwama chija chikhale kaye. Koma kuyambira mawa kompyutayi izibwera kunyumba. Lichero landitopetsa."

Ndiye mukandifunsa ngati khadi ya OC ili yoyenera mtengo wake, ndikuti eya, ndipo ndibwereza pamaso pa aliyense. Inandisungira banja, ndipo mudzi wonse wa apongozi umapetera kwa ine.

Kungoti khadi ya alamu ija mafani ake ndi omwewo, mphepo yakenso ndi yomweyo. Thumba lija linangopezeka kuseri kwa yanga. Amene akawauze mayi a Amina zimenezi ayambe wandiyalira mphasa kwawo.