Mphuno Ziwiri za Ambulansi ya ku Kaporo

Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano, anene maso ndi maso, asamang'ung'udze kuseri kwa botolo. Inde, inuyo aphunzitsi, ndakuonani mukutsinzinira anzanu. Mwangofika dzana kuchokera kwanu ku Thyolo, nsapato zikadanunkha masamba a tiyi, ndiye mufuna kundiuza ine Fundi Mwenifumbo kuti paipi yachitsulo singapindike popanda makina a magetsi? Khalani pansi. Ndiyankhula Chichewa chanucho kuti pasapezeke wonena kuti sanamve, ngakhale nkhaniyi imakoma m'Chinkhonde.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika popanda khadi la chipanicho, ndipo tsitsi likangokhudza kolala unkadziwa kuti lumo lili pafupi. Ine ndinali ndi kagalaja kanga ku Kaporo, pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu. Zida zanga zinali nyundo, masipanala, gasi wowotcherera, ndi kamakina kopindira mapaipi. Kamakinako ndinakapeza kwa mmwenye wina amene ankatseka sitolo yake n'kumapita kutauni. Anakataya panja ngati chitsulo chachabe, ine n'kumupatsa thadzi ndi mkoko wa nthochi, iye n'kundithokoza kuti ndamuchotsera zinyalala. Kanali kotchipa, sindikana: kagudumu kamodzi ka ngalande pogona paipi, kokowera, ndi chogwirira chachitali ngati cha mjigo. Ukakoka mwaphuma paipi inkaphwatalala pokhota ngati bango lopondedwa, ukakoka mwaulesi inkawongokanso. Kankafuna munthu wokadziwa mtima, ndipo munthuyo ndinali ine. Maekizozi a malole onyamula mpunga, makaliyala a pamwamba pa galimoto, zonse zinkadutsa pamenepo.

Chaka chimenecho mvula inagwa yoopsa. Mtsinje wa Lufilya unasefukira, minda yonse ya mpunga inasanduka nyanja imodzi, nkhuku zinkaikira mazira pamadenga, ng'ombe zinaphunzira kusambira chagada, ndipo ine ndi maso angawa ndinaona mlamba utalowa m'nkhokwe ya mnansi wanga ukudya mpunga, mwini wake ali panja kuupempha kuti umusiyireko wa mbewu. Mukumva?

M'mawa wina mkazi wanga NyaGondwe, amene anali woyembekezera mwana wathu woyamba, anayamba kumva ululu. Ndinamunyamula kupita naye ku kachipatala ka pafupi, komwe kunali namwino wochokera ku Zomba, Mayi Sakwata, mayi wamfupi wa mawu ngati belu la tchalitchi. Anamupima, natuluka nkhope itagwa. Anandiuza kuti mwana wagona chopingasa, ndipo tikalephera kufika naye kuchipatala chachikulu ku boma dzuwa lisanapendeke, titaya onse awiri. Apa ndiye sindikuseka ayi.

Ambulansi inalipo, chigalimoto chakale chokoka ndi mateyala onse anayi, koma dalaivala wake, Bambo Jere, anangopukusa mutu. Anati msewu wamira, ndipo madzi akalowa mu ekizozi ndi mopumira injini, galimoto izima pakati pa mtsinje, tonse n'kukhala ndiwo za ng'ona. Bwato nalo silikanatheka, madzi ankathamanga ndi mitengo yathunthu.

Ndinawafunsa kuti, "Adada, mvuu imatha bwanji kukhala m'madzi tsiku lonse osafa?"

"Imatulutsa mphuno pamwamba," anatero.

"Basi. Galimoto yanuyi ndiipangira mphuno."

Mapaipi aatali ndinalibe, koma kuseri kwa sukulu kunali mjigo wakufa. Ndinaugwira ndi manja awiri n'kuzula, paipi n'kumangotuluka, kumangotuluka, ine ndikubwerera chambuyo mpaka ndinadutsa bwalo la mpira, ndipo nsonga yake itatuluka inali yotentha, ikufuka utsi, itakodola makala a pansi pa dziko. Ndinadulapo zidutswa ziwiri, chilichonse chotalika kuposa denga la chipatala, n'kuthamanga nazo paphewa kupita kugalaja.

Tsono mverani, aphunzitsi, pano ndi pamene pali sukulu. Paipi kuti isaphwatalale poipinda, umaithira mchenga wouma mpaka kudzaza, n'kutseka uku ndi uku ndi zikhomo zamtengo. Koma mchenga wouma ukanachokera kuti, dziko lonse lili lonyowa? Ndinayang'ana uku ndi uko, maso n'kugwera pa thumba la mpunga wa kilombero limene apongozi anabweretsa kuti akadye mayi wa mwana. Ndinati mayi wa mwanayo ayambe wakhala moyo kaye. Ndinakhuthulira mpungawo m'mapaipi, n'kugogoda, n'kukhoma zikhomo.

Kamakina kaja ndinakamangirira ku tsinde la mango ndi unyolo wa ngolo. Ndinalowetsa paipi yoyamba, n'kuiwotcha pokhotera mpaka kufiira ngati phwetekere, n'kukoka. Paipi ya mjigo si ya masewera. Inakana. Ndinakokanso, mtengo wa mango ndi umene unawerama, mango osapsa n'kugwa ngati matalala. Ndinalumikiza mtanda wa ngolo ku chogwirira kuti chitalike, ndinalavulira m'manja, ndinaponda chidendene m'mphepete mwa msewu, n'kukoka ndi msana wonse, kamakina kakulira ngati mbuzi yomangidwa, mitsempha ya m'khosi itatupa ngati zingwe, ndipo nditatsegula maso ndinapeza kuti paipi ikadali chiwongokere koma msewu ndi umene wapindika. Khona lija mumalitukwana mukamapita ku Songwe, mumaganiza analipanga ndani? Akatswiri a misewu mpaka lero amakanda mitu.

Pamenepo ndinakwiya. Ndinawerama n'kuiuza paipiyo m'Chinkhonde, chinenero chimene chitsulo chimamva, kuti mkazi wanga akufa ndipo ine ndilibe nthawi yokambirana. Ndinakoka pang'onopang'ono, ndikusuntha paipi chala chimodzi, kukoka, kusuntha, kukoka, mmene kamakinako kankafunira, ndipo inagonja, n'kukhota bwinobwino ngati nyanga ya ng'ombe, popanda khwinya ngakhale limodzi. Yachiwiri ija inali pansi ikuonerera zimene zachitikira mnzake. Nditangoitambasulira dzanja, inapindika yokha. Kyala, Mulungu mwini, ndi mboni yanga. Mukumva?

Ndinachotsa zikhomo, koma mpunga sunatuluke, unali utapsa m'katimo ndi moto uja n'kugwirana. Nthawi yokolokosa panalibe. Ndinawotcherera paipi imodzi ku ekizozi, ina mopumira injini ndinaipemerera ndi pakamwa mpaka inatseguka, zonse n'kuzimangirira kudenga zitaloza kumwamba. Mipata ya zitseko ndinaimata ndi sopo ndi phula. Bambo Jere ataona zimenezi anandipatsa makiyi, nati iwo ali ndi ana, atsala kutipempherera. Tinamugoneka NyaGondwe kumbuyo, Mayi Sakwata atamugwira dzanja, ine pachiwongolero.

Nditaliza injini kunamveka kuphulika, mpunga wakupsa uja n'kuthovoka mu ekizozi kulunjika kumitambo, n'kuyamba kugwa ngati mvula pa Kaporo yense, wotentha, wonunkhira, moti anthu amene anakhala pamadenga ndi njala anangotchera mbale, ndipo fungo lake linawoloka malire, anzathu a ku Kyela n'kuyamba kusamba m'manja.

Tinalowa m'madzi. Anafika m'mateyala, anafika pa boneti, anakwera pagalasi, kenako kuwala kunasanduka kobiriwira, ife tili pansi pa mtsinje, injini ikungoguguda ngati ili pa tala. Mphuno ziwiri zija zinkapuma pamwamba. Ndinayatsa mawaipa kuti ndizipirikitsa nsomba, chifukwa mpasa zinkadzazana pagalasi kusuzumira, zina n'kumatsogola ngati zikundilozera msewu. Ng'ona ina inaluma teyala lakumbuyo, teyala n'kuizunguza, kuizunguza, mpaka inasiya yokha n'kuchoka ikudzandira ngati yochokera kumowa. Titafika pa dzenje pamene panali mlatho, galimoto inatitimira m'matope, koma chimvuu chachimuna chimene chinkatitsatira kuchokera kumtunda, poganiza kuti mphuno zijazi ndi za mvuu yaikazi, chinafika ndi chikondi chonse n'kutigunda kumbuyo, galimoto n'kudumpha dzenjelo, Mayi Sakwata n'kugunda mutu kudenga, NyaGondwe n'kukuwa dzina la amayi ake.

Chapatsogolo panali chulu, ndipo pachulupo panali anyamata a chipani oona makhadi, amene madzi anawatsekereza koma ntchito sanaiiwale. Ataona mapaipi awiri akuyenda okha pamwamba pa madzi, mmodzi anagwira yopumira ija n'kuikapo pakamwa, mawu ake n'kutipeza pansi: ankafunsa kuti muli angati m'menemo, ndipo nonse muli ndi makhadi? Mayi Sakwata ndi amene anayankha, ndi mawu aja a belu.

"Atatu tili nawo. Wachinayi akabadwa mudzamufunse nokha."

Mnyamatayo anasiya paipi, ife n'kupitirira.

Tinavuuka pafupi ndi boma dzuwa likadali pamutu, galimoto itavala ndere ngati gulewamkulu wa kwanu, padenga pali nsomba zimene utsi wa ekizozi unali utaziwamba kale, ana a sukulu akuthamangira kumbuyo n'kumatola. Sindinaime mpaka pakhomo pa chipatala. Anamwino anamutenga NyaGondwe n'kuthamanga naye, chitseko n'kutsekedwa, ine n'kutsala pakhonde, malaya akudontha. Ndinakhala pamenepo ndikumvetsera. Kenako kunamveka kulira, kakang'ono koma kaukali. Mayi Sakwata anatuluka, chotupa chili pamphumi, nandiuza kuti ndi mwamuna, mayi ali bwino, ndipo dokotala sanagwire mpeni chifukwa pamene mvuu inatigunda mwana anatembenuka yekha n'kuloza njira. Ndinangoti ndagha, ndagha, ndiye zikomo wa kwathuyo. Ine Fundi Mwenifumbo, wopinda msewu, ndinalira ngati mwana pamaso pa anthu, ndipo sindichita nazo manyazi.

Tsono ndikudziwa chimene muchite, aphunzitsi. Mawa mupita kunyumba kwanga kukafunsa NyaGondwe, ndipo iye akakuuzani kuti madzi anangolekeza m'zitseko, kuti galimoto inazima pakati pa mtsinje amuna a m'mudzi n'kuikankha, ndiponso kuti paipi imodzi inagwa tisanatuluke n'komwe m'Kaporo. Wakhala akunena zimenezo zaka zonsezi. Koma ndikufunseni: munthu wogona chagada kumbuyo kwa galimoto, maso ali chitsinzinire, akukuwa dzina la amayi ake, angaone chiyani? Woona anali wa pachiwongolero.

Ngati mukufuna umboni, suli patali. Uyo akubwera apoyo akukankha njinga, wamtali wa chipewayo, ndiye mwana uja. Musayang'ane nkhope, yang'anani miyendo. Mwaona matewewo? Yonse iwiri yokhota mofanana, bwinobwino, popanda khwinya ngakhale limodzi. Amayi ake amati anatengera agogo ake. Ine ndikuti tayang'ananinso, aphunzitsi, n'kundiuza ngati pali wina m'Karonga muno amene amapinda choncho.